Amene Anakhudza Buleki ya Kinji

Kinji Tsubota anabadwira m'mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja ya Furen, masiku amene anthu ankapitabe ku maukonde awo pa chileyi chokokedwa ndi hatchi. Nyanja ikaundana mu Januwale, bambo ake ankamanga hatchi m'mamawa, kukaboola ayezi, kukoka ukonde umene unagona pansi pake, n'kubwerako ndi nsomba za komai zitauma kale gwa ndi chisanu. Kinji ndi mahatchi sankamwerana madzi. Ina inamuluma ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sanaikhululukire mpaka inafa ndi ukalamba. N'chifukwa chake pamene kunabwera njinga zamoto zoyenda pachipale chofewa, zimene aliyense kuno amangoti mobiru, palibe anazilandira ndi manja awiri kuposa iye. Yoyamba imene bambo ake anagula sinathe mlungu ili yathunthu. Kinji anaimasula yonse kuti aone chimene chimalira m'katimo, ndipo bambo ake atapeza zitsulo zili mbwee pansi, anakhala masiku atatu osamulankhula. Tsiku lachinayi mobiru inaliranso, mlandu n'kuthera pomwepo.

Sukulu ya umakaniko sanaiponde. Anaphunzira mwa kuwononga ndi kukonzanso. Anakhalabe msodzi moyo wake wonse, m'chilimwe pa boti, m'nyengo yachisanu pa ayezi, koma pofika zaka makumi atatu, shedi ya kuseri kwa nyumba yake inali itasanduka chipatala cha mamobiru onse a m'mudzi. Novembala aliyense, nyanja isanagwire, amuna ankabwera nawo pa timalole tawo, kuwatsitsa pakhomo, n'kukhala mozungulira mbaula ya palafini kumwa tiyi ndi kunamizana za nsomba za chaka chatha. Kinji ankaona malamba, kusintha mapulagi, kupaka girisi. Koma chimene ankadzitama nacho ndi mabuleki.

"Injini ikafa umabwerera wapansi," ankatero. "Buleki ikafa amakubweza atakunyamula."

Sankanama. Potsikira kunyanja pali kamtsetse kafupi koma koterera, ndipo kumbuyo kwa mobiru kumakhala chileyi cholemera ndi mabokosi, zingwe ndi macheka odulira ayezi. Buleki ikakana pamenepo, chileyi chimakukankha mpaka kukakuunjika pa anzako amene aima m'munsi.

Ndiye Kinji anali ndi mwambo wake. Ankayamba ndi kufinya chogwirira cha kumanzere kuti amve ngati chikulimba chisanafike pa handulo. Pakati pake pankayenera kutsala mpata wolowa chala. Kenako ankavundukula injini, kuona ngati mapadi adyeka, kupukuta chimbale, kusuzumira m'kabotolo ka mafuta a buleki ngati ada. Mafuta a m'botolo limene linatsegulidwa chaka chatha sankawalola, ankati amwa madzi. Chomaliza chinali kutulutsa mpweya m'mapaipi, ndipo ntchito imeneyi imafuna anthu awiri. Wina amafinya chogwirira. Wina amagwada ndi sipanala, kumasula kanati pang'ono, maso ali pa kapaipi koonekera m'kati, mpaka tithovu tonse titatha.

Wofinyayo anali mkazi wake, Sumie. Anali mwana wa alimi a ng'ombe za mkaka ku Nakashibetsu, ndipo anakula akukama m'mawa ndi madzulo, moti dzanja lake likakugwira umadziwa kuti wagwidwa. Anzake a Kinji ankamuseka kuti sanakwatire mkazi, anakwatira dzanja lamanzere. Kwa zaka zoposa makumi atatu, aliyense wodutsa kuseri kwa shediyo mu Novembala ankamva mawu atatu okha: "Finya. Gwira. Siya." Kinji sanali munthu wa mawu otsekemera, ndipo Sumie sankawayembekezera. Ana awo awiri anakula n'kupita ku Sapporo, koma mawu atatu aja ankamvekabe chaka ndi chaka.

Kinji ali ndi zaka 65, m'mudzimo munabwera munthu wina dzina lake Noboru Hatanaka. Anali atapuma pa ntchito yokonza mabasi ku Kushiro, mkazi wake anali atamwalira, ndipo anadzakhala m'nyumba ya apongozi ake kumapeto kwa mudzi, imene inakhala yotseka zaka zambiri. Sanabwere kudzalanda munthu ntchito. Anangokonza galaja kuti apeze chotayira nthawi. Anapachika mababu asanu ndi limodzi owala mbee, masipanala n'kuwandandika pakhoma mwa msinkhu wawo ngati ana a sukulu. Anali ndi chizolowezi chimodzi chochokera ku mabasi: nati iliyonse imene wamanga ankaidontheza penti yachikasu, kuti asaiwale kuti wamanga.

Chaka choyamba ku galajako kunapita munthu mmodzi. Chachiwiri kunapita anayi. Chachitatu, pa mbaula ya Kinji panayamba kutsala mipando.

Mipando yotsalayo akanaipirira. Chimene chinkamudya ndi mmene anthu ankatchulira mayina. Iye, amene anakonzera makolo awo, ankangomuti Kin-chan, dzina la ali mwana wa mamina. Mlendoyo ankamuti "a Hatanaka," mawu atatsitsa, ngati akutchula dokotala.

Amene anathira mchere pachilonda anali Tokuji, mnzake wa kuubwana, amene ukonde wake unali woyandikana ndi wa Kinji ndipo pakamwa pake sipankatsekeka.

"Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, Kin-chan," anatero Tokuji tsiku lina akuwotha manja pa mbaula. "Ukudziwa kuti m'galaja mwawo ungadyere mpunga pansi? Muno munthu ukagwetsa nati umaipeza chaka chamawa."

"Pita komweko ukadyere pansipo."

"Ine ayi, ine ndine wako mpaka kumanda. Komanso tiyi wa kumeneko ndi wa m'timapepala." Tokuji anamwako pang'ono, n'kuyang'ana kudenga. "Ngakhale akuti masiku ano chakudya chayamba kukoma kumeneko. Ndinadutsako dzana, anandigawira kabichi wa mumchere, uja wa tinsomba m'kati. Ine ndimadziwa nyumba imodzi yokha m'mudzi muno imene amamukonza choncho."

Tokuji atapita, Kinji analowa m'chipinda chosungiramo chakudya, n'kuchotsa mwala pa chivundikiro cha mgolo wa kabichi. Kabichiyo anali atatsika kuposa mmene anthu awiri angadyere.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuona zinthu. Kwa zaka zingapo Sumie ndiye ankabweza mamobiru okonzedwa kwa eni ake pa kalole, chifukwa Kinji ankati msana ukumuvuta kuyendetsa. Tsopano anazindikira kuti ulendo wa mphindi khumi unkatenga ola. Sumie ankabwera masaya ali psuu, manja akununkhira sopo wa malalanje amene m'nyumba mwawo munalibe. Potsuka mbale ankang'ung'udza kanyimbo. M'zaka zonse zija Kinji sanaganizepo kuti pali mwamuna amene angacheukire Sumie. Anali mayi wamfupi, wojintcha, wovala juzi ziwiri ndi epuloni pamwamba. Tsopano ankamuyang'ana chakumbali pa nthawi ya chakudya, kufufuza chimene mwamuna wamasiye angaone, ndipo choipa n'chakuti ankachipeza.

"Wachedwa," anatero tsiku lina.

"Ndinaima kwa a Tokuji. Akazi awo bondo silikuchira."

Mawa lake anamva kuti mkazi wa Tokuji ali ku Nemuro kwa mwana wake, mlungu wachiwiri tsopano. Sanafunse. Munthu wa zaka 68 angayambe bwanji funso lotero? Anangoyamba kudya mofulumira ndi kudzuka patebulo mbale isanathe.

Nyanja inagwira, usodzi unayamba. Tsiku lina masana, dzuwa likuwala pa ayezi mpaka kulasa m'maso, lamba wa injini ya mobiru yake anayamba kulira. Kinji anavundukula kuti aone, nkhope n'kuiyandikiza pafupi. Pambali pa chimbale cha buleki, pa kanati kotulutsira mpweya, panali kadontho kachikasu.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Akanapeza chipewa cha mwamuna wina pogona pake, mwina sakanamva kuwawa kotere. Mobiru imeneyi palibe munthu anali ataikhudzapo ndi sipanala kupatula iye. Anadzutsa mutu. Sumie anali chogwada pafupi ndi dzenje la ukonde, akusankha nsomba, zing'onozing'ono akuziponyera ziwombankhanga zimene zinatera pa ayezi kudikira. Kinji anatseka injini, n'kupitiriza kukoka ukonde.

Patapita masiku anayi Tokuji anabweretsa mobiru yake kuti mapadi atha. Kinji anaika atsopano, anathira mafuta, n'kuitana mkazi wake monga mwa nthawi zonse.

"Finya. Gwira. Siya." Anabwereza kasanu. "Yatha."

"Ndiwapititsira," anatero Sumie, akuvala magolovesi.

Kinji anadikira mpaka phokoso la injini litazilala, kenako anavala jombo n'kutsata mapazi a kalole pachipale. Pa geti la Tokuji sanakhote. Anapitirira kudutsa pa sitolo, kudutsa pa sukulu yakale, mpaka kumapeto kwa mudzi. Ataima pa chitseko cha galaja ya Hatanaka, anamva mawu a mwamuna m'kati, ofatsa ndi aulemu.

"Finyani, mayi. Gwirani. Siyani."

Ndiyeno anamva Sumie akuseka. Kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumene Kinji anali atakuiwala.

Anakankha chitseko. Kuwala kwa mababu aja kunamuthobwa m'maso. Hatanaka, amene anali chogwada, anadzuka n'kuwerama.

"A Tsubota, lowani, kunjaku kukuzizira."

M'mudzi wonse munthu mmodzi yekha ndiye ankamuti "a Tsubota," ndipo anali ameneyu.

"Mobiru iyi ndaikonza ine," anatero Kinji. "Yadwalanso chiyani panjira?"

"Bambo, tiyeni kunyumba tikakambirane," anatero Sumie. Dzanja lake linali likadali pa chogwirira.

"Ndafunsa mwini galaja."

Hatanaka anapukuta manja pa kansalu. "Ntchito yanu ndi yabwino, a Tsubota. Mapadi mwaika bwino kuposa mmene ndikanaikira ine. Kungoti munatsala kampweya pang'ono."

"Mulibe mpweya mmenemo."

Hatanaka anayang'ana pansi. Amene analankhula anali Sumie.

"Gwadani muone nokha."

Kinji anagwada. Sumie anafinya, Hatanaka anamasula kanati. Kinji anatong'ola maso pa kapaipi kaja. Anaona mafuta akuyenda, oyera bwino, opanda chilema. Anabwereza kachiwiri.

"Mwaona?" anafunsa Sumie.

"Palibe kanthu."

"Tadutsa tithovu tinayi, Bambo. Ine ndaima kuno koma ndationa." Mawu ake sanakwere. "Chino ndi chaka chachitatu. Mumati yatha, ine dzanja likundiuza kuti ndikufinya chinthu chofewa ngati tofu. Chaka choyamba ndinakuuzani, munati dzanja langa lakalamba. Ndinanena za maso, munati ndi babu la m'shedi. Kalole munasiya kuyendetsa, mukuti msana. Msana wake uti, inu mumanyamula mabokosi awiri pakamodzi? Ndikanatani? Ndiwapatse a Tokuji mobiru yoti ikawagwetse pamtsetse?"

"Ndiye mudzi wonse ukudziwa."

"Palibe akudziwa. A Hatanaka sanauze munthu. Pa ntchito yanu sapakapo penti. Pa mobiru yathu yokha ndi pamene dzanja linawaiwalitsa."

Kinji anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. Anabwera atakonzekera bala limodzi, koma analandira lina, ndipo sanadziwe kuti lopweteka kwambiri ndi liti. Komanso loyamba lija silinachoke. Zaka zitatu mkazi wake ndi munthu uyu anali ndi chinsinsi chawo. Zaka zitatu ankamumvera chisoni limodzi, pansi pa mababu awa, wina akufinya, wina akumasula, n'kumaseka. Kinji anatuluka osatseka chitseko.

M'mawa mwake analawirira ku shedi. Anatenga mpeni n'kupala kadontho kachikasu kaja mpaka chitsulo chinawala. Anakhetsa mafuta onse amene munali, poganiza kuti anathira ndi Hatanaka, n'kuthira ake. Mpweya anatulutsa yekha, chogwirira atachimanga ndi mphira. Sumie anabwera atavala za kunyanja, atanyamula mpunga woumba ndi fulasiki ya tiyi. Anaika katunduyo pa chileyi, kenako anafinya chogwirira kamodzi, monga ankachitira m'mawa uliwonse.

"Ine sindikwera," anatero.

"Usakwere."

"Bambo, mphindi khumi zokha. Tiitulutse mpweya. Ine ndiyang'ana kapaipi, inu mufinye."

"Ine ndifinye?"

"Inde."

Kinji analiza injini. Pocheuka pa geti anaona mkazi wake akuthamanga mwa mtundu wake, wa juzi ziwiri, kulowera kumapeto kwa mudzi. Zimenezo zinangomuwonjezera moto.

Njira yopita kunyanja ndi yosalala, ndipo mobiru ukaisiya mafuta imachepetsa liwiro yokha, choncho buleki sanaifune mpaka pamtsetse. M'munsi munali Tokuji ndi amuna ena awiri akumanga mabokosi. Kinji anafinya chogwirira. Chinabwera chofewa mpaka kukagunda handulo. Anapopa kawiri, katatu. Chinagwira pang'ono n'kusiyanso, chileyi chili pambuyo kukankha. Anaona misana ya anthu atatu ikukula. Anakhotetsa kumanzere ndi mphamvu zonse, kumene kuli mulu wa chipale chokankhidwa pamsewu. Mobiru inakwera muluwo, inaima kamphindi, n'kugwera chammbali. Chileyi chinazungulira n'kugubuduka. Mabokosi anamwazika, macheka anatsetsereka mpaka kukaima pa mapazi a Tokuji.

Kinji anagona chagada, akumva moto paphewa. Anadikira kuti wina aseke. Palibe anaseka. Tokuji, munthu woseka ngakhale pamaliro, anangogwada n'kumuika dzanja pachifuwa.

"Usadzuke, Kin-chan. Gona pomwepo."

Amuna ena aja anadzutsa mobiru. Mmodzi anafinya chogwirira, anayang'ana mnzake, mnzakeyo anayang'ana kunyanja. Kinji anaziona zonsezo ndi maso ake oipawo.

Kalole kamene kanafika koyamba kanali ka Hatanaka, Sumie ali m'kati. Kalole ka mipando iwiri sikanyamula anthu atatu, choncho Sumie anatsika, anathandiza kukweza mwamuna wake, n'kutsala kutola mabokosi. Ulendo wa kuchipatala ku Nakashibetsu ndi wa ola limodzi. Hatanaka ankazemba mabampu mosamala kwambiri moti Kinji ankalakalaka atagunda limodzi.

"Mumakamba chiyani ndi mkazi wanga?" anafunsa pomaliza.

"Kawirikawiri za inu."

"Amaseka. Ndinamumva."

"Dzulo ndinkawauza za malemu mkazi wanga. Tsiku lina ndinamutuma sipanala, anandibweretsera chotsegulira chitini." Hatanaka anachepetsa liwiro pa bampu lina. "Ndakonza mabasi zaka 31, a Tsubota. Mkazi wanga sanapondepo m'galaja. Ndikafika kunyumba ankati ndivulire panja, ndikununkha dizilo. Anali munthu wabwino, koma zitsulo ankadana nazo. Novembala woyamba nditabwera kuno, ndinadutsa kuseri kwa shedi yanu, ndinakumvani awiri inu. Ndinaima pamsewu nthawi yaitali. Ndinachita nanu nsanje, ndisaname."

Mawuwa ananenedwa kuti atonthoze, ndipo Kinji anadziwa zimenezo. Koma chimene iye anamva n'chakuti sanalakwitse kwenikweni. Munthuyu ankamuonadi Sumie. Ankadziwa mtengo wake, mwina kuposa mwini wake.

"Yang'anani msewu," anatero Kinji. "Kuno kumadutsa agwape."

Kuchipatala anapeza kuti fupa la paphewa lathyoka. Mawa lake Sumie anabwera ndi zovala zosinthira, ndipo dokotala akutuluka anamutsatira pakhonde. Kinji anamva mawu oti maso. Anafuna kukuwa kuti asiye zimenezo, koma phewa silinalole. Anamuyeza, anapeza ng'ala m'maso onse awiri, yokhwima kale. Dokotala anafunsa ngati wakhala akuyendetsa chilichonse ali choncho. Sumie anayang'ana mwamuna wake, n'kumusiya ayankhe yekha.

Chaka chimenecho usodzi wa pa ayezi unamudutsa. Sumie ankakoka ukonde ndi Tokuji, Kinji ali pawindo mkono uli m'nsalu. Mu Epulo anamuchita opaleshoni, diso lamanja poyamba, lamanzere patapita milungu iwiri.

Zimene anaona atachotsa bandeji sizinamusangalatse zonse. Shedi yake, imene ankaiyesa yaudongo mokwanira, inali khola. Babu lake linali limodzi, lakuda ndi utsi wa palafini. Tsitsi la Sumie, limene ankaliyesa lotuwa apa ndi apo, linali loyera lonse, ndipo sanadziwe kuti linayera liti. Anatenga botolo la mafuta a buleki, analikhutchumula, n'kuliyang'anitsa padzuwa. Tithovu tinali mmenemo, ting'onoting'ono ngati mazira a nsomba, tikukwera pang'onopang'ono. Anakhala pansi pa bokosi mpaka tonse tinatha.

Kenako Hatanaka anabwera kudzamuzonda, atanyamula mabisiketi a mpunga. Zaka zonsezi Kinji ankadzitonthoza kuti ndi nkhalamba yadazi yopindika msana, poti ankangoona chithunzithunzi chovala chipewa. Tsopano pakhomo panaima mwamuna wamtali, wowongoka, tsitsi lodzaza mutu, mano ake enieni. Anavula chipewa n'kuwerama, Sumie n'kuthamangira kukatereka madzi.

"Maso ali bwanji, a Tsubota?"

"Akuona zambiri," anatero Kinji.

Mlendo atapita, Sumie anafunsa chimene wakwinyira nkhope.

"Dokotala uja akanasiya diso limodzi," anayankha.

Novembala wotsatira ena anabwerera ku shedi ya Kinji, ena sanabwerere. Nkhani ya pamtsetse inali itayenda, ndipo munthu sungamuletse kukonda khosi lake. Kinji anasesa, anataya zitsulo zimene anasunga kuyambira nthawi ya bambo ake, n'kupachika mababu asanu ndi awiri. Tokuji anawawerenga mokweza, anatsegula pakamwa, koma ataona nkhope ya mnzake anangopempha tiyi. Ntchito ya mabuleki inapitirira monga kale, wina pansi ndi sipanala, wina pa chogwirira, kupatula chinthu chimodzi. Kinji akaona kuti tithovu tatha, sankanenanso kuti yatha. Ankadikira. Sumie ankafinya kawiri, kupendeketsa mutu ngati akumvetsera, n'kunena yekha. Masiku ena ankati, "Kamodzinso," ndipo Kinji ankang'ung'udza koma ankamasula kanati. Eni mamobiru nawo anaphunzira kuyang'ana nkhope ya Sumie asanakweze katundu wawo pa kalole. Zimenezinso zinkamuwawa Kinji, koma anameza.

Kwa Hatanaka Sumie sanapitenso yekha. Kinji sanamuletse. Kungoti nthawi iliyonse mkazi wake akayamba kukulunga kanthu m'kansalu, iye ankapezeka wavala kale jombo. Ankakhala m'galaja muja manja ali m'thumba, kupeza zifukwa pa chilichonse: girisi wochuluka, lamba womangitsa, penti yowononga nthawi. Hatanaka ankavomera zonse mwaulemu, ndipo mwa zinthu khumi ankasintha chimodzi. Anthu a m'mudzi ankati awiriwa ndi mabwenzi. Kinji akamva ankalavula.

Patapita zaka ziwiri mawondo a Hatanaka anakana, ndipo mwana wake anabwera kudzamutenga kupita naye ku Obihiro. Tsiku losamuka Kinji ndiye anamanga katundu pa lole, chifukwa ankati anthu a m'tauni sadziwa mfundo. Anakoka chingwe chilichonse kawiri. Lole itanyamuka, Sumie anabayibitsa mpaka inakhota. Kinji anaima kumbuyo kwake, akuyang'ana dzanja limenelo mmene linachedwera kutsika.

Pano Kinji ali ndi zaka 74. Watsala ndi ukonde umodzi, ndipo mamobiru amene amabwera ku shedi yake sapitirira asanu. Chaka chatsopano chilichonse kumabwera khadi lochokera ku Obihiro, lolembedwa mayina onse awiri. Kinji ndiye amayamba kufika pa bokosi la makalata, ngakhale chipale chifike m'mawondo. M'munsi mwa khadilo mumakhala mawu olemba pamanja: mizere iwiri yofunsa za maso a a Tsubota ndi nsomba za chaka chino, ndi mizere itatu ya kwa mayi Sumie. Chaka chilichonse ndi itatu.

"Alemba chiyani a Hatanaka?" amafunsa Sumie ali kukhitchini.

"Palibe. Akuti kukuzizira."

Sumie safunsanso. Amadziwa kumene khadilo limakathera: m'shedi, pa shelefu ya pamwamba, pansi pa chitini cha girisi. Masana mwamuna wake akagona, amapita kukaliwerenga ataimirira, n'kulibwezeretsa pomwepo.